Ndamwa madzi ambiri koma maso akuonabe mwachimbuuzi

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 29, ndili ndi mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri yemwe akuyamwabe. Milungu iwiri yapitayi tonse awiri tinatsegula m'mimba, ine mpaka kusanza. Mwanayo anachira. Ine m'mimba munaleka, koma mutu sukusiya kupweteka, m'makutu mukumangolira, ndipo kwa masiku asanu tsopano maso onse awiri akuona mwachimbuuzi. Ndikatuluka padzuwa amalasa. Akunyumba akuti madzi anatha m'thupi, ndiye ndakhala ndikumwa madzi ambirimbiri koma palibe chikusintha. Dzana ndinakaonana ndi dokotala wa maso. Anandiunika, ananditenga magazi, kenako anandilembera papepala dzina loti Vogt-Koyanagi-Harada n'kundipatsa mapiritsi ambiri a prednisolone ndi mankhwala odonthezera m'maso. Mapiritsiwo sindinayambe kumwa chifukwa ndikuopa, anthu amati amatupitsa nkhope. Kodi sangakhale madzi chabe? Nanga munthu amadziwa bwanji kuti madzi atha m'thupi, makamaka mwana?"

Mayi, pepani ndi matendawa, ndipo mtima ukhale m'malo. Mwachita bwino kwambiri kukafika kwa dokotala wa maso chimbuuzicho chisanathe n'komwe mlungu. Ambiri odwala nthenda imeneyi amatipeza patapita miyezi, diso litawonongeka kale mkati, pamene inu muli pa nthawi imene mankhwala amagwira bwino koposa. Ndiye ndiyambe ndi pempho, zina zonse zibwera pambuyo: yambani kumwa mapiritsiwo lero lomwe, monga adokotala anu anakuuzirani. Zimene mwafotokozazi si za kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake kuti mukathe kuwafotokozeranso akunyumba.

Akunyumbawo musawaone kulakwa. Munthu akatsegula m'mimba ndi kusanza, kenako n'kumadandaula mutu ndi chizungulire, nthawi zambiri vuto limakhaladi madzi. Theka la thupi la munthu wamkulu, kapena kuposerapo pang'ono, ndi madzi, ndipo kwa khanda amafika pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi. Madziwo akachepa, magazi oyenda m'mitsempha amachepanso, mtima umayamba kuthamanga kuti ukwanitse, ndipo ubongo umalandira magazi operewera munthu akaimirira. Mutu ndi chizungulire zimachokera pamenepo.

Wodwala akabwera n'kumuganizira kuti madzi achepa, funso langa loyamba limakhala la mkodzo. Mwakodza liti komaliza, unali wochuluka bwanji, nanga unali wooneka bwanji? Impso zikazindikira kuti madzi akuchepa zimayamba kuwasunga, choncho mkodzo umatuluka wochepa, wachikasu chakuda ndiponso wafungo lamphamvu. Wamkulu amene watha maola 8 osakodza pamene akutsegula m'mimba, ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala. Kenako ndimayang'ana mkamwa. Lilime limakhala louma, malovu onanda, milomo yong'aluka. Ndimamuimiritsa kuti ndione ngati achite mdima m'maso, ndimagwira pamkono kumva kugunda kwa mtima, ndipo ndimafunsa ngati minofu ya m'miyendo ikukokana. Ludzu lokha sindilidalira kwenikweni, makamaka kwa okalamba, chifukwa ambiri a iwo samva ludzu ngakhale madzi atachepa kwambiri. Agogo amene dzulo amacheza bwinobwino, lero akulankhula zosokonekera atatsegula m'mimba kapena atatentha thupi, aganizireni madzi msanga.

Za mwana ndikhalitsepo, chifukwa ana ndi amene kutsegula m'mimba kumawatenga mofulumira. Mwana amene madzi ayamba kuchepa amakhala wosakhazikika, amalira pafupipafupi, ndipo mukamupatsa kapu amaigwira ndi manja onse awiri n'kumwa mwaphuma. Ameneyu akufunika thandizo, koma thupi lake likulimbabe. Amene amandidetsa nkhawa ndi mwana wangoti zii, wofooka, wongogona, woti mukamuika kubere sakuyamwa kapena akuyamwa mofooka. Makolo ena mtima umakhala m'malo poganiza kuti mwana watonthola, chonsecho ndi pamene zafika poipa. Onaninso maso ake ngati alowa mkati. Pamenepa mayi amaposa dokotala, popeza inu ndi amene mukudziwa mmene nkhope ya mwana wanu imaonekera masiku onse. Kulira popanda misozi, thewera kukhala louma kwa maola 6, komanso liwombo kulowa mkati ngati lisanatsekeke, zonsezi zikunena chimodzimodzi.

Pali kayezedwe kena kosavuta kamene timachita ifenso kuchipatala. Mugonekeni mwana chagada, tsinani khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, osati ndi zikhadabo. Likwezeni kwa kamphindi n'kulisiya. Khungu la mwana amene ali ndi madzi okwanira limabwerera nthawi yomweyo. Likamabwerera pang'onopang'ono, madzi achepa. Likaima chitsinireni kupitirira masekondi awiri, madzi atha kwambiri, ndipo mwana wotereyu, makamaka ngati wafookanso kapena sakumwa, amafunika dilipi. Musayembekezere kuti kuche. Dziwani kuti kayezedwe kameneka kamanamiza kwa okalamba ndi kwa ana onyentchera, chifukwa khungu lawo limachedwa kubwerera ngakhale madzi alimo.

Pobwezeretsa madzi otayika m'mimba, madzi okha sakwanira, chifukwa pamodzi ndi madziwo thupi limataya mchere. Ndi chifukwa chake timapereka ORS. Shuga wochepa amene ali mmenemo amathandiza matumbo kukoka mchere, ndipo madzi amatsatira mcherewo kulowa m'magazi ngakhale munthu akutsegulabe. Paketi imodzi isungunulidwe m'madzi aukhondo a muyezo umene walembedwa papaketipo, nthawi zambiri lita imodzi, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, wa zaka ziwiri mpaka 10 amwe 100 mpaka 200, wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso pang'onopang'ono ndi supuni. Kuyamwitsa kusaime. Mapiritsi a zinc, mamiligalamu 20 tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, kapena mamiligalamu 10 kwa khanda losakwana miyezi 6, amafupikitsa matendawa. Ngati paketi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi, koma musapyole muyezo wa mchere, chifukwa mchere wochuluka ndi woopsa kwa mwana.

Tsopano tibwere kwa inu. Kuchepa kwa madzi kumakhudza maso, inde, koma mwa njira yake. Maso amalowa mkati, amauma, amamveka ngati muli mchenga, ndipo munthu akadzuka mofulumira amachita mdima kwa masekondi ochepa, n'kutha akakhala pansi. Chachikulu n'chakuti zonsezi zimasintha munthu akamwa, pa maola ochepa kapena tsiku limodzi. Inu mwamwa kwa masiku, m'mimba munaleka kalekale, ndipo ndikukhulupirira kuti mukukodza bwinobwino mkodzo woyera. Chimbuuzi chosachoka usana ndi usiku, maso olasa pakuwala, ndi makutu olira, madzi sangazichotse. Ndipo lekani kudzikakamiza kumwa mopyola muyezo. Madzi ochuluka kwambiri amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo zimenezo pazokha zimapweteketsa mutu ndi kuchititsa nseru. Imwani monga mwa ludzu lanu, kuonjezerako pang'ono popeza mukuyamwitsa.

Dzina lalitali lija ndi la madokotala a maso atatu amene analongosola nthendayi: Alfred Vogt wa ku Switzerland mu 1906, ndi awiri a ku Japan, Einosuke Harada mu 1926 ndi Yoshizo Koyanagi mu 1929. Pofupikitsa timangoti VKH. Ndi nthenda yosowa, moti pali azachipatala ambiri amene sanaionepo. Imakonda anthu a zaka zapakati pa 20 ndi 50, ndipo amayi amaidwala kuposa abambo. Imapezeka kwambiri kum'mawa kwa Asia, ku India, ku Middle East ndi pakati pa eni nthaka a ku America, koma anthu a mitundu inanso amaidwala.

Chimene chimachitika n'chakuti asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo, amasokonekera n'kuyamba kuukira maselo a thupi lomwelo amene amapanga mtundu wakuda wa khungu ndi tsitsi. Maselo amenewa sali pakhungu pokha. Ali ambiri m'chigawo chapakati cha khoma la diso, chodzaza ndi timitsempha ta magazi, chimene madokotala amati uvea. Aliponso mkatikati mwa khutu ndi m'zikopa zokuta ubongo. Mukaona malo amenewa, kalata yanu yonse ikumveka. Mutu wosasiyawo ukuchokera ku zikopa za ubongo zimene zatupa, kulira kwa m'makutu kukuchokera mkati mwa khutu, ndipo chimbuuzicho chikuchokera kumbuyo kwa diso. Nthendayi imayamba kwa masiku angapo ndi mutu, nseru, chizungulire, kutentha thupi pang'ono, mwinanso kuuma khosi, maso asanayambe kuvuta. N'chifukwa chake poyamba imasokonezedwa ndi chimfine, malungo kapena kuchepa kwa madzi, ndipo kwa inu zinangogwera pamodzi ndi kutsegula m'mimba kuja. Kutha kwa madzi sikuyambitsa VKH. Si yopatsirana, ndipo mwana wanu sangaitengere kubere.

Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kolandira kuwala kotchedwa retina. Chigawo cha pansi pake chikatupa, timadzi timatuluka m'mitsempha n'kudzaza kunsi kwa retina, ndipo iye amatukuka m'malo m'malo ngati penti pakhoma lachinyezi. Odwala amandiuza kuti mizere yowongoka ikuoneka yokhota, nkhope za anthu zikuoneka zopindika, kapena pakati pa chimene akuyang'ana pali mthunzi. Chosangalatsa n'chakuti kutupako kukazimitsidwa msanga, timadzito timauma, retina amabwerera m'malo mwake, ndipo ambiri amaonanso bwino ndithu pakangopita milungu yochepa. Kukachedwa, kutupako kumakhazikika n'kumabwerabwera kwa zaka. Kamwana ka diso kamamatirira ku galasi la mkati mwa diso, ng'ala imayamba, madzi a m'diso amapanikizika n'kuwononga mtsempha woonera, ndipo retina amachita zipsera zosachoka. Milungu iwiri kapena itatu yoyambirira ndiyo imalamula kwambiri mmene maso adzakhalire mtsogolo, ndipo tsiku lililonse limene mapiritsi ali m'chikwama likuchotsedwa pa milungu imeneyo.

Magazi amene anakutengani aja si oti aonetse VKH, chifukwa palibe kuyeza magazi kumene kumaionetsa. Dokotala amaizindikira poona mkati mwa maso onse awiri, pomva mbiri yanu, ndiponso pojambula retina ndi makina kumene makinawo alipo. Magaziwo ndi otsimikizira kuti si chindoko, si chifuwa chachikulu, si matenda ena amene amatupitsa diso mofananamo koma mankhwala ake ndi osiyana. Kawirikawiri amayezanso shuga ndi HIV. Musaone ngati akukuganizirani zoipa, timayeza aliyense wotupa mkati mwa diso, ndipo zotsatirazo mukazitenge osalephera. Ngati munavulalapo diso kapena kuchitidwa opaleshoni ya diso, ngakhale kalekale, auzeni adokotala, chifukwa pali nthenda ina yofanana kwambiri ndi imeneyi imene imabwera diso likavulala.

Mantha anu pa prednisolone, mankhwala ozimitsa kutupako, ndikuwamva, ndipo zimene anthu akunenazo si bodza. Mlingo woyambira umakhala waukulu, nthawi zambiri pafupifupi miligalamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwanu tsiku lililonse, ndipo ena amayamba ndi mankhwala a mtundu womwewo a m'dilipi kwa masiku atatu. N'chifukwa chake mapiritsiwo akuoneka ochuluka m'dzanja. Nkhope imatha kudzaza, njala imakula, tulo timavuta, pamtima pamatentha, ena amapsa mtima msanga kapena kukhumudwa popanda chifukwa. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimatha kukwera, ndipo akamwedwa nthawi yaitali mafupa amafooka. Koma nkhope imaphwa mlingo ukamatsika, pamene chipsera cha pa retina sichichoka. Ine pa ntchito yanga odandaula amene ndakumana nawo kwambiri ndi amene anachedwa kuyamba kapena anasiyira panjira, osati amene anamaliza mankhwala.

Kusiyira panjira ndiko kumagwetsa ambiri. Pakapita mwezi maso amayera, mutu umaleka, munthu n'kuona ngati wachira. Kutupako kumakhala kukunyekabe pansi. Mlingo umatsitsidwa pang'onopang'ono kwa miyezi yosachepera 6, nthawi zina kupitirira chaka, ndipo wotsitsa ndi dokotala yekha. Madokotala ambiri amaonjezera msanga mankhwala ena ofatsitsa chitetezo cha m'thupi, monga azathioprine, mycophenolate kapena ciclosporin, kuti prednisolone achepe mofulumira nthenda isanabwerere. Pamenepa nkhani ya kulera ikambidwe poyera, chifukwa mycophenolate ndi ena a gulu lomweli otchedwa methotrexate amawononga mwana wosabadwa. Ngati pali mpata woti muli ndi pakati panopa, nenani musanapatsidwe china chilichonse, komanso akuyezeni kuthamanga kwa magazi, popeza mutu ndi chimbuuzi kwa mayi woyembekezera zili ndi tanthauzo linanso loopsa.

Mapiritsiwo imwani m'mawa mutadya. Musaphatikize ndi ibuprofen, diclofenac kapena aspirin popanda kufunsa, chifukwa pamodzi zimayambitsa zilonda zam'mimba. Kuyamwitsa pitirizani, prednisolone amene amafika mumkaka ndi wochepa. Pa mlingo waukulu madokotala ena amalangiza kuyamwitsa kaye, kumwa mankhwala, n'kudikira maola pafupifupi 4 musanayamwitsenso, ndiye afunseni adokotala anu ndipo atsimikize kuti akudziwa zoti mukuyamwitsa asanaonjezere mankhwala ena. Pa nthawi imeneyi chitetezo chanu chikhala chotsika, choncho pewani kuyandikira odwala katsabola kapena chikuku, ndipo chifuwa chosatha kapena kutentha thupi musakhale nazo pakhomo.

Mankhwala odonthezera aja kawirikawiri amakhala amitundu iwiri, ena ozimitsa kutupa, ena okulitsa kamwana ka diso kuti kasamatirire ndiponso kuti ululu uchepe. Achiwiriwa, monga atropine, amachititsa kuti zapafupi zisaoneke bwino ndipo kuwala kumathobwa, moti mungaganize kuti matenda akukula pamene ndi ntchito ya mankhwala. Magalasi akuda amathandiza. Mukadontheza, tsinzinani n'kusindikiza ndi chala pangodya ya diso ya kumphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti mankhwala asatsikire kummero. Botolo la atropine libisike kutali ndi mwana, chifukwa akamwa ndi poizoni. Ndipo musabwereke wina aliyense mankhwala anuwa ngakhale diso lake litafiira ngati lanu. Ozimitsa kutupawo akathiridwa m'diso limene lili ndi chilonda, chilondacho chimakula mpaka kuboola diso.

Pakapita milungu kapena miyezi, ena amaona nsidze ndi tsitsi la m'zikope zikuyera, tsitsi likuthothoka pena ndi pena, kapena mawanga oyera pakhungu. Sizichitika kwa onse, ndipo zimachepa kwa amene anayamba mankhwala msanga. Zikaoneka musadzidzimuke, ndi nthenda yomweyo, ingowauzani adokotala. Koma musadikire tsiku limene anakulemberani ngati maso achita mdima mwadzidzidzi, ngati diso likupweteka kwambiri pamodzi ndi kusanza ndi kuona mikombero ya utawaleza kuzungulira nyali, ngati khosi lauma pamodzi ndi kutentha thupi kwambiri kapena kusokonekera mutu, kapena ngati chimbudzi chada bii.

Pali malo atatu pamene nkhani ya madzi ikumanenso ndi mankhwala anuwa, ndipo ndikufuna muwadziwiretu. Atropine amatha kuumitsa mkamwa ngakhale madzi m'thupi ali okwanira, ndiye mkamwa mukauma yang'anani mkodzo musanade nkhawa. Prednisolone akakweza shuga, mumva ludzu losatha koma mkodzo udzakhala wochuluka, mpaka kudzuka kangapo usiku. Ludzu la kuchepa kwa madzi wamba limayenda ndi mkodzo wochepa, pamene ludzu loyenda ndi mkodzo wambiri ndi loti mukayezetse shuga tsiku lomwelo, osalithetsa ndi zakumwa zotsekemera.

Chachitatu ndicho chofunika koposa. Munthu akamwa prednisolone kwa milungu yopitirira itatu, tiziwalo tating'ono tokhala pamwamba pa impso, timene timapanga mphamvu yofanana ndi mankhwalawa, timayamba kupuma. Mukadzatsegulanso m'mimba kapena kusanza moti mapiritsi sakukhazikika, thupi limasowa mphamvu imeneyo pa nthawi imene likuifuna kwambiri, ndipo kuthamanga kwa magazi kumatha kutsika mwadzidzidzi mpaka kukomoka. Zikatero yambani ORS pomwepo, koma musayese kudzisamalira nokha pakhomo ngati mmene munachitira ulendo wathawu. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, mutatenga mapiritsi anu ndi pepala lija, ndipo mawu oyamba owauza akhale oti mukumwa prednisolone, mlingo wake, ndi tsiku limene munayamba, kuti akupatseni mankhwalawo kudzera mu jakisoni. Mmodzi wa akunyumba azidziwenso zimenezi kuti adzakulankhulireni ngati inu mutafooka.